Vinyo Wouma ndi Khomo la Kuseri

Panali munthu wina, mayi wamasiye dzina lake Evantiya, amene ankalima mphesa pa chilumba china cha m'Nyanja ya Mediteraniyani. Chilumbacho chinalibe mtsinje ngakhale umodzi. Nthaka yake inali phulusa ndi timiyala, mvula inkagwa mwa apo ndi apo, ndipo mphepo ya kunyanja inkawomba ngati yasungira munthu chakukhosi. Mlimi wa kwathu kuno atapaona akanangopukusa mutu n'kubwerera, khasu likadali paphewa.

Koma eni ake ankalima. Mpesa sankaukweza pamitengo monga timachitira ndi nyemba zoyanga. Ankaupinda ukadali wanthete n'kuluka nthambi zake pansi pomwepo, mozungulira, mpaka uoneke ngati nkhata yaikulu. Mphesa zinkabereka m'kati mwa nkhatayo, mphepo n'kumadutsa pamwamba. Sankathirira. Mpesa unkamwa mame a m'mawa, ndipo ludzu likaukulira unkalowetsa mizu pansi kukafuna chinyezi pakati pa miyala. Mphesa zake zinkakhala zochepa ndi zazing'ono, koma zamphamvu.

Mphesa zimenezi ankapangira vinyo amene iwo amamutcha vinyo wouma. Ndaona ena mwayamba kale kuseka. Chakumwa chingaume bwanji? Tamverani. Madzi a mphesa akangofinyidwa amatsekemera ngati thobwa la lero. Ukawasiya mumgolo amayamba kuwira, ndipo kuwirako kumadya kutsekemera pang'onopang'ono. Ukawalekerera kuti awire mpaka atope okha, sipatsala shuga ngakhale wa pansonga ya lilime. Ameneyo ndiye wouma. Ukamumwa amakugwira m'masaya n'kukusiyira kakomedwe ka mchere, ndipo umamva zonse zimene munda unakumana nazo chaka chimenecho. Ngati mphesa zinali zowola, amaulula. Ngati mwini wake anathiramo madzi, amaululanso. Mu vinyo wouma mulibe pobisa kanthu.

Evantiya anaphunzira ntchitoyi kwa bambo ake, iye pamodzi ndi mlongo wake wamng'ono, Stamati. Bambowo anali munthu wosalankhulalankhula. Pokolola ankatembenuza tsango lililonse la mphesa m'manja, kuthothola zowola ndi zosapsa, ana akung'ung'udza kuti dzuwa lawapsereza m'khosi. Atamwalira, awiriwo anagawana munda popanda mkangano. Evantiya anatenga mgolo waukulu wa bambo. Stamati anatenga kamtsuko kadothi kamene bambowo ankatungira vinyo wa patebulo, kobenthuka pakamwa.

Mudzi wawo unali ndi malo amodzi okha opondera mphesa, beseni lalikulu losemedwa m'mwala kuseri kwa tchalitchi. Ankangoti kuthanthwe. Nthawi yokolola mabanja ankalandirana, lero awa mawa awo, kuponda mphesa ndi mapazi mpaka madzi atsikire m'migolo. Mphesa zikadulidwa sizidikira munthu, dzuwa la kumeneko limaziwoletsa msanga. Munthu wokanizidwa kuthanthwe ndiye kuti chaka chonse walimira ntchentche.

Chaka china kunabwera wamalonda wochokera kumzinda wa kutsidya kwa nyanja. Anali waulemu, wovala bwino, woseka ndi aliyense. Ankagulitsa vinyo kwa alendo odzaona malo amene sitima zikuluzikulu zinkawatsitsa padoko. Anthu a m'mudzi anamupatsa chikho cha vinyo wawo monyadira. Iye analawa, n'kukwinya nkhope ngati mwana amene wamwetsedwa kwinini.

"Vinyo wanuyu ndi wokwiya," anatero. "Mlendo akatsika m'sitima safuna kukalipiridwa. Amafuna chomuseketsa. Thiranimo shuga, ndipo ine ndizitenga yense amene mungapange."

Wina anafunsa kuti nanga mphesa zowola ndi zosapsa, zimene iwo ankataya, zitani.

"Pondani zonse," anayankha wamalondayo. "Shuga akalowa, adzadziwa ndani?"

Musandimve molakwa. Vinyo wotsekemera weniweni aliko, ndipo anthu a pachilumbacho ankamudziwa bwino. Ankayanika mphesa padzuwa mpaka zifote, n'kuzifinya, n'kudikira zaka. Ameneyo kutsekemera kwake n'kobadwa nako. Wamalondayu sankanena zimenezo. Iye ankanena za thumba la shuga ndi mthiko.

Anthu anavomera, ndipo ine sindifulumira kuwaweruza. Anali osauka, ndiponso anali atatopa kugwada pa timiyala totentha kusankha mphesa imodziimodzi. Ntchito inapepuka, migolo inachuluka, madenga odontha anakonzedwa, ana anavala nsapato zatsopano. Pa botolo lililonse wamalondayo anamatapo dzina la mudzi wawo ndi chithunzi cha mpesa wolukidwa ngati nkhata. Evantiya yekha anakana kwamtuwagalu.

Stamati anamupeza kumunda, pamalire pamene mipesa yawo inkakhudzana.

"Achemwali, ndi shuga chabe ameneyu. Si poizoni."

"Ukamuthira, udzadziwa bwanji kuti mphesa zako zinali zabwino?"

"Adzafunsa ndani?"

"Ine ndikufunsa."

"Ana anga sadya mafunso, achemwali. Inu muli nokha, mimba imodzi. N'zosavuta kuchita liuma munthu ulibe womuveka."

Mawuwo anamubaya, chifukwa Evantiya anafunitsitsa ana koma sanapatsidwe. Anaweramira mpesa n'kupitiriza kuluka. Kenako anati, "Dyetsa ana ako, sindikukuletsa. Koma mumgolo wa bambo simulowa shuga ine ndili moyo." Stamati anachoka osatsanzika.

Kuyambira pamenepo mudzi unamutembenukira. Munthu wokana chimene onse avomera amawakumbutsa anzake zimene akufuna kuiwala, ndipo palibe amene amakonda kukumbutsidwa. Ankati ndi wouma khosi. Ankati ndi wouma mtima, wosafunira anzake zabwino. Kenako anangofupikitsa n'kumamutcha Mayi Wouma, vinyo ndi mwini wake dzina limodzi. Kutchalitchi benchi yake inkakhala yotakasuka mbali zonse. Pamsika moni wake ankamuyankha ndi nsidze. Evantiya sanali mwala, zinkamupweteka kwambiri, ndipo masiku ena ankafika kunyumba n'kukhala pansi osayatsa moto. Koma kukacha ankapitanso kumunda.

Tsono apa ndi pamene nkhani ikomera. Chakudya cha anthu a kumeneko ndi nsomba zamchere, zipatso za azitona, ndi buledi wolimba. Kuyambira makolo awo ankatsitsira zimenezi ndi vinyo wouma. Atayesa kutsitsira ndi vinyo wawo watsopano uja, zinali ngati kuthira shuga mu usipa. Ankatafuna, kumeza mokakamiza, n'kumayang'anana patebulo. Vinyo amene ankagulitsa kwa alendo, eni ake anawakanika kumwa.

Kumeneko dzuwa likafika paliwombo anthu amatseka mazenera n'kugona, misewu imangoti zii. Tsiku lina nthawi yomweyo Evantiya anamva kugogoda kuseri kwa nyumba yake, kukhomo lotulukira kukhola la bulu. Anali msodzi wina wachikulire, kamtsuko atakabisa m'jekete.

"Mayi, nditungireniko pang'ono," ananong'ona. "Nsomba sizikutsika."

Anamutungira. Msodziyo analawa pomwepo, n'kutsinzina, n'kupuma mozama. "Uyu ndiye vinyo. Inu ndi amene mukuchita zoona. Limbikani, musagonje. Koma musauze munthu kuti ndinabwera."

Pambuyo pake anabwera wophika buledi. Anabweranso mayi wina wa amene ankamuyankha moni ndi nsidze pamsika. Anabwera ngakhale wapampando wa alimi onse, mkulu wa ndevu zoyera dzina lake Anesti, amene anali woyamba kugwirana chanza ndi wamalonda. Aliyense ankadzera kukhola la bulu, akunyang'ama kuti asaponde ndowe, aliyense akuganiza kuti ndi iye yekha. Ndipo mawu anali amodzimodzi, ngati anachita kuphunzitsana: mukuchita bwino, limbikani, musauze munthu. Mawa lake akakumana naye pamsika ankayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo.

Stamati sanabwere. Anabwera mkazi wake, Kaliopi, atafunditsa kanthu ndi nsalu. Atavundukula, Evantiya anaona kamtsuko kobenthuka pakamwa.

"Stamati wakutumani, alamu?"

"Sananditume. Koma akakaona kodzaza safunsa kuti kachokera kuti."

Evantiya anakadzaza mpaka pakamwa. Sanakanize munthu aliyense. Anali anthu ake, anakula nawo, ndipo poyamba mawu awo a kuseriwo ankamutonthoza. Koma m'kupita kwa nthawi anayamba kumunyansa. Anaona kuti iye wasanduka mankhwala a mudzi wonse. Anthu ankathira shuga m'mawa, masana n'kubwera kwa iye kudzatsuka m'kamwa, madzulo n'kumunena. Liuma lake ndi limene linkawathandiza kupirira bodza lawo.

Zinthu zinafika povuta mphesa zitayamba kupsa. Mlendo wina anasochera m'mudzimo, napempha madzi kwa Evantiya, ndipo anamupatsanso chikho cha vinyo monga mwa mwambo wawo. Mlendoyo atabwerera kudoko anafunsa wamalonda kuti zatheka bwanji kuti mudzi umodzi, mpesa umodzi, ukhale ndi vinyo wosiyana chonchi, nanga weniweni ndi uti. Anafunsa pagulu, ogula ena akumva.

Wamalondayo anakwera kumudzi tsiku lomwelo, kuseka kuja atakusiya padoko. Anauza Anesti kuti dzina la mudzi silingakhale ndi malilime awiri. Mayi uja athire shuga ngati anzake, apo ayi asapangenso vinyo. Zikapanda kutero iye apita kumudzi wina, midzi yosauka ndi yambiri. Anesti anaitanitsa msonkhano wa alimi onse, Lamulungu likudzalo potuluka m'tchalitchi. Nkhani inali imodzi yokha: Evantiya akanizidwe kuthanthwe.

Loweruka Stamati anamupezanso pamalire paja. Nkhope yake inali yakugwa.

"Achemwali, gonjani. Supuni imodzi yokha pamaso pawo, basi. Akangoona, akusiyani."

"Iwe udzaimika dzanja?"

Stamati anayang'ana pansi. "Onse adzaimika."

"Sindinafunse za onse."

Stamati anatembenuka n'kumapita. Evantiya anatsala yekha pakati pa mipesa. Anapisa dzanja m'nkhata imodzi n'kukhudza matsango, anali olemera, ofunda, otsala pang'ono kudulidwa. Anachita mantha. Anadziona akudula mphesazo n'kusowa kopondera, ntchentche zikuzungulira madengu, ntchito ya bambo ake ikuthera pa iye. Anaganizira za supuni imodzi ija, ndipo kunena zoona inaoneka yaing'ono kwambiri. Kenako anakumbukira timitsuko ta kuseri, ndi mawu aja akuti limbikani, ndipo mantha anasanduka mkwiyo. Anthu amene ankamulimbikitsa kukhola la bulu ndi omwewo amene ankapita kukamutsekera thanthwe, ali ndi chikhulupiriro chakuti Mayi Wouma apeza njira ina, ndipo timitsuko tawo tizidzazabe.

Lamulungu m'mawa anamanga bulu pangolo. Anagubuduza mgolo wa bambo ake, mmene munali vinyo yense wa chaka chatha, vinyo wouma yekhayo amene anatsala m'mudzi monse. Anaukweza pangolo movutikira, n'kutulukira kumaso kwa nyumba, anthu akuona.

Bwalo la msonkhano linali patsogolo pa tchalitchi, loyalidwa miyala, ndipo mbali imodzi linali ndi kampanda kafupi. Kuseri kwa kampandako kunali phompho lotsikira kunyanja. Evantiya anaimika ngolo pakati pa bwalo n'kuima pambali pake. Anthu ananong'onezana kuti wagonja, wabweretsa mgolo kuti athiremo shuga. Wamalonda, amene anakhala pampando pamthunzi, anayambanso kumwetulira.

Anesti anaimirira, nakonza kukhosi, nalankhula nthawi yaitali za umodzi, za ana, za madenga. Sanamuyang'ane Evantiya ngakhale kamodzi. Pomaliza anati, "Nthawi zasintha, mayi. Vinyo wouma palibenso womufuna m'mudzi muno. Kodi muthira shuga?"

"Ayi."

"Ndiye amene akuti mayiwa asapondenso mphesa kuthanthwe aimike dzanja."

Manja anakwera. Evantiya anawayang'ana limodzi ndi limodzi, ndipo anawadziwa onse. Dzanja la msodzi lokhala ndi zipsera za mbedza. Dzanja la wophika buledi, ufa ukadali m'zikhadabo. La Stamati linakwera pomalizira, linafika paphewa n'kuima, mwini wake akuyang'ana nsapato zake. Koma linakwera.

"Ndamva," anatero Evantiya. "Sinditchula dzina la munthu. Mwanena pagulu kuti vinyoyu palibe womufuna. Uyu ndi wotsiriza, ndipo mwagamula kuti wina sadzakhalaponso. Poti palibe womufuna, amwedwe ndi nthaka imene inamubala."

Anagwira kamtengo kotsekera m'munsi mwa mgolo, anakapotokola, n'kukazula. Kenako anakaponya kudumphitsa kampanda kaja, ndipo kanagwera kuphompho.

Vinyo anatumphuka. Anagwera pamiyala, n'kuyamba kuyenderera m'ming'alu, kulowera kumapazi a anthu. Fungo lake linadzaza bwalo lonse, fungo limene aliyense anakulira, la pa ukwati, la pamaliro, la patebulo la bambo ake.

Wamalonda anaseka. "Mwaona? Ndinanena kuti mutu wake sukugwira. Musiyeni atsirize yekha."

Palibe anaseka naye, ndipo palibe anasuntha. Evantiya anapinda manja pachifuwa. Mtima unkamuwawa ngati akutaya magazi ake, chifukwa mphesa iliyonse ya mumgolomo anaisankha ndi zala zake. Anaona msodzi akumeza malovu. Anaona Anesti akubweza phazi kuti nsapato isanyowe. Mtsinje wa vinyo, mtsinje woyamba umene chilumbacho chinaonapo, unapitirira kuyenda, ndipo phokoso la mumgolo linayamba kusintha, kusonyeza kuti akutsika. Anazindikira kuti n'zotheka ndithu kuti onsewo aima chomwecho mpaka dontho lomaliza. Anatsimikiza mumtima kuti ngati ndi choncho, zikhale choncho.

Ndi Stamati amene analephera kupirira. Anakankha anthu, nathamanga, nagwada m'vinyo momwemo, n'kutseka bowo ndi chikhatho. Vinyo anatulukira m'mipata ya zala n'kumunyowetsa malaya a Lamulungu, kenako anaima.

"Achemwali, chotsekera chili kuti?"

"Chili m'nyanja."

"Ndiye ine nditani?"

"Chotsa dzanja. Ndi lomwe lija unaimika."

Stamati anayang'ana dzanja lake. Anayang'ana mchemwali wake. Bwalo lonse linkamuyang'ana iye, atagwada, atanyowa, atagwira mgolo umene anali atangoukana kumene. Sakanatha kubisala, ndiponso sakanatha kuchoka.

Wamalonda anaimirira. "Aliyense wokhudza mgolo umenewu, ine ndi iye tathana. Ndikunena kamodzi."

Dzanja silinachoke. Stamati anatembenuza mutu kufunafuna mkazi wake pagulu.

"Kaliopi, katenge kamtsuko ka bambo."

Kaliopi anapita. Pobwera sanakafunditse nsalu. Anakanyamula ndi manja awiri, kubenthuka kwake kukuonekera kwa aliyense, nadutsa pamaso pa wamalonda n'kukatchera pansi pa dzanja la mwamuna wake. Kanadzaza msanga, chifukwa kanali kakang'ono, ndipo Stamati anatsekanso bowo. Mkono unayamba kutopa.

"Kodi mungoonerera?" anafunsa, osakweza mawu. "Ine ndekha sindingathe."

Msodzi uja anakanda m'mutu. "Kanga n'kokulirapo," anatero, n'kuchoka mwaliwiro losayembekezeka kwa munthu wa msinkhu wake. Wophika buledi anamutsatira. Kenako mayi wa nsidze uja. Posakhalitsa anayamba kubwera, aliyense ndi kamtsuko kake, masanasana, podzera pamsewu waukulu. Atafika pamzere anayamba kuyang'anana m'manja. Timitsuko tonse tinali ndi fungo limodzi.

"Nanunso?" anafunsa wophika buledi.

"Nanga inu?" anayankha msodzi.

Anaseka kuseka kwa manyazi, kumene munthu amaseka akagwidwa. Anesti anakhala nthawi yaitali atagwira ndevu. Pomaliza analengeza kuti msonkhano wayamba waima kaye, n'kuzemba. Anabwera ndi kamtsuko kakakulu kuposa tonse, naima kumapeto kwa mzere, osayang'ana munthu.

Si onse anapita kukatenga. Ena anatsatira wamalonda potsika kudoko, akumupepesa. Iye sanabwerenso, anakapeza mudzi wina monga ananenera. Chaka chimenecho chinali chowawa. Madenga ena anayambanso kudontha, nsapato zinatha popanda zina zolowa m'malo, ndipo alipo amene sanamupatsenso moni Evantiya mpaka kumanda. Vinyo amene anatayika pabwalo paja sanabwerere. Sindikuthirirani shuga pa mbali imeneyi.

Koma mphesa zitadulidwa, palibe anaima panjira ya kuthanthwe. Evantiya anafika ndi madengu ake n'kupeza Stamati wafika kale, atapinda buluku mpaka m'mawondo. Asanalowe m'beseni Stamatiyo anakhala pansi, natenga tsango loyamba, nalitembenuza m'manja, n'kuyamba kuthothola zowola. Ankang'ung'udza kuti dzuwa lamupsereza m'khosi.

Tsono inu, abale anga, fanizoli ndakuuzani chifukwa chake mukuchidziwa. Ndinalankhula pano za mayi wamasiye wa mumpingo uno amene achibale a malemu mwamuna wake amulanda munda, ndipo olandawo amakhala pa benchi yakutsogolo. Munanditumira nthumwi kuti mawu anga auma kwambiri, ndithiremo shuga. Koma sabata yonseyi khomo langa lakuseri silinapume. Mwabwera mmodzimmodzi, kudzera kunkhokwe, kundiuza kuti abambo munanena zoona, limbikani, koma musatchule dzina langa. Ena mwa inu munali m'gulu la nthumwi lomwelo.

Sindikukupemphani kuti mukhale Evantiya. Anthu otero sachuluka, ndipo amavutika. Ndikukufunsani za kamtsuko kamene mwabisa m'jeketeko. Choonadi chimene mumamwa mobisa, wina amachilipira yekha pagulu, ndipo tsiku lina adzatopa n'kuzula chotsekera.

Shuga sindithira. Khomo lakuseri ndalikhomera misomali dzulo. Mlandu wa mayi wolandidwa munda uja ukambidwa Lachitatu pabwalo, dzuwa lili pamutu. Amene akudziwa malire a munda umenewo abwere, adzere pamsewu waukulu, adzanene mawu omwe aja anandinong'oneza kunkhokwe.